Mwagula ma swordtail ndiye ayamba kudwala? Musathire kaye mankhwala

Swordtail ndi nsomba yolimba ndithu, nchifukwa chake ambiri akamayamba kuweta nsomba za mu thanki amayambira pa iyoyo, koma masabata awiri oyamba mutangoigula ndi pomwe imakonda kukupwetekani mtima. Mwabwera nayo ili bwinobwino, yofiira psuu, lupanga lake lakumchira lili njo, ndiye patangotha masiku atatu mukuipeza yaima pakona zipsepse itazipinda, ikungogwedezeka pamalo amodzi ngati ikusambira koma osapita kutsogolo, chakudya ikungochiyang'ana. Apa mtima umathamangira kukagula botolo la mankhwala, lililonse lomwe lajambulidwa nsomba, nkuthira. Chonde dikirani kaye. Ine ndinatayapo nsomba zinayi mwa zisanu ndi chimodzi m'masiku atatu okha chifukwa cha phuma lomweli, ndinaona zoyera pakamwa ndi pamsana ndinati ndi matenda a timadontho toyera otchedwa ich, ndinakweza hita mpaka madigiri 30 monga mmene ndinamvera, osadziwa kuti anali matenda ena omwe kutentha kumawapatsa mphamvu. Mpaka pano zimandiwawa ndikakumbuka, chifukwa nsomba zimene zija zikanatha kuchira.

Ndiye chinthu choyamba si nsomba ayi, ndi madzi. Tengani zoyezera madzi, zamadontho ndi zomwe zimanena zoona kuposa timapepala toviika, muyeze amoniya, nitrite, nitrate ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi, nambala ikakwera ndiye kuti asidi ndi wochepa). Amoniya akhale 0, nitrite akhale 0, palibe zoti "ndi wochepa chabe", nitrate asapitirire 40 mg pa lita ndipo akakhala pansi pa 20 ndiye bwino kwambiri. Nsomba zatsopano zambiri zomwe timati zadwala zimakhala zikungopsa ndi madzi, makamaka ngati thanki ndi yatsopanonso kapena mwathiramo nsomba zambiri nthawi imodzi. Mabakiteriya abwino amene amakhala mu fyuluta nkumasandutsa amoniya kukhala nitrite kenako nitrate amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achulukane mokwanira, ndiye mukaika nsomba asanakhazikike, chimbudzi cha nsombazo chimasanduka poizoni wawo womwe. Nsomba yopsa ndi amoniya imapuma mwawefuwefu, mopumira mwake m'mbali mwa mutu mumafiira, imakhala pamwamba kukamwa kuli yasa. Nitrite yekha amalowa m'magazi nkuwalepheretsa kunyamula mpweya, nsomba imabanika madzi ali ndi mpweya wokwanira. Ndipo dziwani kuti madzi amene swordtail imakonda, a pH yokwera komanso ofunda, ndi omwenso amoniya amakhala woopsa kwambiri.

Mukapeza amoniya kapena nitrite ali pamwamba pa 0, chotsani theka la madzi muthire ena, ofunda mofanana ndi amene alimo, mutathiramo kale mankhwala ochotsa klorini. Mawa muyezenso, ngati akadalipo musinthenso, tsiku ndi tsiku mpaka zitatsika. Chakudya chepetsani, olo masiku awiri osadyetsa nsomba yaikulu siifa ndi njala. Fyuluta musaitsuke pampope, mupha mabakiteriya omwe mukuwafunawo, ingoifinyani mu ndowa ya madzi omwe mwachotsa mu thanki basi. Kamchere pang'ono kamathandiza pa nitrite chifukwa chloride wa mumchere amapikisana naye polowa m'thupi la nsomba.

Palinso nkhani ya mtundu wa madzi. Swordtail, dzina lake la sayansi Xiphophorus hellerii, kwawo ndi ku Mexico kutsika mpaka ku Belize, Guatemala ndi Honduras, ndipo imakonda madzi okhala ndi mchere wam'nthaka wambiri monga calcium ndi magnesium, pH kuyambira 7 mpaka 8 kapena kupitirira pang'ono, kutentha madigiri 22 mpaka 28. Ikaikidwa m'madzi opanda michere imeneyi kapena ozizira, ndi pomwe imayamba kugwedezeka pamalo amodzi kuja, oweta amati shimmies. Amenewa si matenda a kachilombo ayi, ndi thupi likudandaula. Yezani GH, womwe ndi muyeso wa michere imeneyi m'madzi, ikakhala yotsika kwambiri ikani timiyala ta coral tophwanya mu fyuluta kapena michere yogulitsa yokwezera GH, koma pang'onopang'ono masiku angapo, osati kusintha zonse usiku umodzi. Mafamu ena amalerera nsomba zobereka ana amoyo ngati swordtail m'madzi amchere pang'ono, ndiye zikafika kwa inu zimadzidzimuka, mwina zadutsa m'madzi a mitundu itatu sabata imodzi.

Madzi akakhala kuti ali bwino, tsopano khalani pansi muyang'ane nsombayo. Ndikutanthauza kukoka mpando nkukhala mphindi 15, osati kusuzumira podutsa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tengani tochi, zimitsani getsi la m'chipinda, muunike chammbali, mujambulenso pafoni kuti mawa mukhale ndi chofananitsa chifukwa maso amaiwala. Muone pakamwa, pamsana pafupi ndi chipsepse chapamwamba, nsonga za zipsepse, kumimba, potulukira chimbudzi, komanso mmene ikupumira, kaya mbali zonse ziwiri zikutseguka mofanana.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa pali matenda awiri omwe onse amaoneka oyera koma machiritso ake ndi otsutsana.

Oyamba ndi ich, ena amati white spot. Timadontho toyera tating'ono tozungulira bwino, ngati wina wawaza mchere pansomba, tofanana kukula, tokhoza kuwerengeka kamodzikamodzi, kawirikawiri timayambira pazipsepse ndi kumchira. Nsomba imadzikhula pamiyala ndi pazomera ngati ikuyabwidwa, nthawi zina imayamba kudzikhula timadonthoto tisanaoneke nkomwe. Kachilombo kake ndi Ichthyophthirius multifiliis, ndipo mukamvetsa moyo wake simungavutike nako. Kadontho mukukaonako ndi kachilombo komwe kalowa pansi pa khungu, kakudya, ndipo kali mmenemo mankhwala sakakhudza. Kakakhuta kamagwa pansi pa thanki, kamadzikuta nkugawikana kukhala tiana mazanamazana, apanso mankhwala sakafika. Tianato tikatuluka nkumasambira kufuna nsomba, mpamene pokha timafa ndi mankhwala. Nchifukwa chake anthu amadandaula kuti ndathira dzulo koma madontho achuluka, eya achuluka chifukwa amenewo analowa kale. Nchifukwa chakenso madontho akatha simusiya, angogwa pansi akuswana. Pitirizani masiku ena osachepera 3 mpaka sabata mutaona kadontho komaliza.

Mankhwala ake odziwika ndi okhala ndi malachite green, nthawi zambiri osakaniza ndi formalin, tsatirani muyezo wapabotolo ndipo muwerengere madzi enieni omwe alimo osati kukula kwa thanki, miyala ndi mchenga zimadya malo. Ngati mu fyuluta muli makala aja a carbon achotseni, apo ayi amwa mankhwala onse. Kutentha mutha kukweza pang'onopang'ono, digiri imodzi pa maola angapo, kufika 28, olo 30 nsomba zikamapirira, kuti kachilomboko kazungulire msanga kafike pomwe kamaphedwa, pa madigiri 25 kamatenga pafupifupi sabata koma m'madzi ozizira kamatha masabata angapo. Koma madzi otentha amasunga mpweya wochepa, formalin nayenso amadya mpweya, ndiye onjezerani kamwala kotulutsa thovu kaja, osaiwala. Pokoka madzi ndi paipi muzikokera pansi penipeni kuti muchotseko tomwe tagwa. Ich akaoneka pa nsomba imodzi ndiye kuti thanki yonse ili naye, kuchotsa yodwalayo yokha sikuthandiza.

Achiwiri ndi columnaris, amene anandiphera nsomba zanga aja, ndipo amakonda kwambiri ma swordtail, ma platy, ma molly ndi ma guppy ongogulidwa kumene. Awa si timadontho ayi. Ndi chigamba chotuwa kapena choyera chopanda malire enieni, ngati khungu lafufuma kapena lapakidwa phulusa, kawirikawiri pamsana mozungulira chipsepse chapamwamba nkutsikira m'mbali ngati chishalo, kapena milomo kuyera nkuyamba kudyeka, kapena zipsepse kunyenyeka msanga kuyambira kunsonga. Poyang'anitsitsa pamakhala tiubweya tatifupi, nde ambiri amati ndi chuku, chonsecho ndi bakiteriya, Flavobacterium columnare. Ameneyu amathamanga m'madzi otentha, mtundu wina woopsa umapha pasanathe masiku awiri, nsomba yomwe m'mawa inadya madzulo ili gone pansi. Ndiye mukaona zoterezi hita musakweze, mutsitse pang'onopang'ono kufika 24 kapena 23. Sinthani madzi, thirani mchere, ndipo pakufunika mankhwala opha mabakiteriya a gulu lakeli, lotchedwa Gram-negative, monga kanamycin, nitrofurazone kapena oxytetracycline, kungoti oxytetracycline amafooka m'madzi a calcium wambiri omwe swordtail imakhalamo. Erythromycin pa matendawa sathandiza kwenikweni. M'maiko ambiri mankhwala oterewa sagulitsidwa popanda dokotala wa ziweto kulemba, pitani mukamuone ndi zithunzi zanu, ndipo mukayamba mumalize masiku onse olembedwa, zosiyira panjira zimangolimbitsa bakiteriyayo. Mankhwalawa amathanso kupha mabakiteriya abwino a mu fyuluta, ndiye muziyeza amoniya tsiku lililonse pamene mukuchiza.

Ngati mwayang'ana koma mutu sukugwirabe kuti ndi ati mwa awiriwa, hita isiyeni pomwe ili. Ich amachizika ndithu popanda kukweza kutentha, amangochedwerapo, pomwe columnaris mukamutenthetsa simupezanso mpata wokonza.

Chuku chenichenicho chiliponso, Saprolegnia, koma chimaoneka ngati thonje lenileni, ubweya wautali woyandama m'madzi, ndipo chimamera pamene pali bala kale, mwina nsomba inakhulidwa ndi kaukonde poigwira kapena inalumidwa ndi inzake. Sichifalikira msanga. Madzi oyera, mchere, ndi methylene blue mu thanki yapadera zimakwana.

Za mchere ndanena kangapo ndiye ndilongosole. Ndi mchere wa nsomba wogulitsa kapena mchere wamba wopanda zosakaniza zina, magalamu 1 mpaka 3 pa lita. Thanki ya malita 40 pa magalamu 2 ndiye kuti magalamu 80, musungunule kaye mu kapu, muthire magawo atatu pa tsiku limodzi kapena awiri, osakhuthula zonse pamutu pa nsomba. Mchere suuluka ndi nthunzi, ndiye madzi akaphwera muonjezere opanda mchere, koma mukachotsa malita 10 mubwezere mchere wa malita 10 okhawo. Swordtail imaupirira bwino, koma zomera zambiri, nkhono, ndi nsomba zapansi ngati corydoras siziukonda.

Tochi ija imathandiza kwambiri pa matenda ena otchedwa velvet. Masana simuona kanthu, nsomba yangopinda zipsepse ikudzikhula ikupuma mothamanga, koma mukaunika mumdima thupi limaoneka ngati lawazidwa fumbi lagolide kapena dzimbiri, timadontho take tating'ono kwambiri kuposa ta ich. Kachilombo kake ndi Piscinoodinium, kamagwiritsanso ntchito kuwala, ndiye phimbani thanki ikhale mumdima masiku angapo uku mukuthira mchere ndi mankhwala ake. Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi copper, amene amapha nkhono ndi ma shrimp pompo, werengani botolo musanathire.

Nanga ikamadzikhula, ikupuma movutika, khungu likuoneka lotuwira ngati lachita mamina, koma palibe dontho olo limodzi ndipo madzi ali bwino? Ganizirani ma fluke, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tokakamira pakhungu ndi mopumira. Gyrodactylus amakhala pakhungu ndipo amabereka ana amoyo, Dactylogyrus amakhala mopumira ndipo amaikira mazira. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mubwereze pakatha sabata chifukwa mazira safa ndi ulendo woyamba.

Zam'mimba zimachedwa kuonekera, nchifukwa chake zimapusitsa. Nsomba ikudya koma ikuonda, mimba yalowa mkati, chimbudzi choyera chachitali ngati ulusi chikukokeka kumbuyo. Chimbudzi choyera cha tsiku limodzi musachite nacho mantha, nsomba yomwe sinadye paulendo imatero. Chikapitirira sabata nsomba ikuondabe, metronidazole wosakaniza mu chakudya ndi amene amagwira tizilombo tam'matumbo monga Spironucleus. Koma chomwe ndimakuuzani kuti muyang'anitsitse pa swordtail iliyonse yatsopano ndi ichi, dikirani itaima phee, muone potulukira chimbudzi. Mukaona timaulusi tofiira tiwiri kapena titatu tatuluka pang'ono, tikugwedezeka tokha, nsomba ikasuntha timabwerera mkati, amenewo ndi Camallanus, njoka zam'mimba zomwa magazi. Praziquantel sazipha. Pamafunika levamisole, pafupifupi 2 mg pa lita kwa maola 24 thanki ili mumdima, kapena fenbendazole mu chakudya. Levamisole amangozifoola nkutuluka, ndiye mawa lake kokani pansi ponse ndi paipi musinthe madzi ambiri, mubwerezenso pakatha masabata awiri kapena atatu. Pofika poti mwaziona ndi maso ndiye kuti zakhalamo nthawi yaitali ndipo zinzake zonse zili nazo, chizani zonse.

Pena si matenda nkomwe. Swordtail yaikazi pafupifupi iliyonse yomwe mwagula kuchokera mu thanki yosakaniza imabwera ili ndi bere, imabereka ana amoyo pakatha masiku ngati 28, ndipo imasunga umuna miyezi ingapo moti imaberekabe popanda yaimuna. Mimba yake imakula chakumbuyo, pafupi ndi chipsepse chapansi pamada, ikatsala pang'ono imabisala nkusiya kudya, mamba ali gwaa osalala. Imeneyo isiyeni, ipatseni zomera zobisalamo. Kusiyana kwake ndi dropsy muyang'ane kuchokera pamwamba, ya dropsy imatupa thupi lonse ndipo mamba amayima ngati khungu la chinanazi, nthawi zina maso kutuzuka. Apo ndiye kuti impso zasiya kugwira ntchito madzi akudzadza m'thupi, ipatuleni, madzi oyera, mankhwala a mabakiteriya mutha kuyesa, koma ndisakunamizeni, zofika pamenepa zochira ndi zochepa. Chinanso ndi ndewu. Amuna awiri mu thanki yaing'ono, wamphamvu amathamangitsa mnzake tsiku lonse mpaka winayo amangokhala kuseri kwa fyuluta, mchira wong'ambika, osadya. Chong'ambika ndi ndewu chimakhala chodukaduka koma m'mphepete moyera bwino, chowola ndi matenda m'mphepete mumayera kapena kufiira ndipo chimafupika tsiku ndi tsiku. Yaimuna imodzi izikhala ndi zazikazi ziwiri kapena zitatu kuti isamavutitse imodzi yomweyo.

Pali chimodzi chokhudza inuyo. Nsomba yoonda pang'onopang'ono, msana kupindika, zilonda zosapola, mankhwala onse akukanika, itha kukhala ndi Mycobacterium, ndipo mtundu wina, Mycobacterium marinum, umalowa mwa munthu kudzera pabala nkuyambitsa totupa tosapola padzanja. Ngati muli ndi bala valani magolovesi, musamayamwe paipi ndi pakamwa pokoka madzi, sambani m'manja mukamaliza. Chotupa chikatuluka padzanja nkumakana kupola, mukamuuze dokotala kuti mumaweta nsomba.

Zonsezi zimaphweka mukakhala ndi thanki yapadera yofikira alendo, ndipo sikuti ikhale yokongola. Malita 40 akwana nsomba zochepa, olo chidebe chapulasitiki choyera chomwe sichinaonepo sopo, pansi popanda mchenga kuti muziona chimbudzi, hita, kafyuluta ka siponji komwe kakhala kakugwira ntchito mu thanki yaikulu masabata angapo kuti kabwere ndi mabakiteriya ake, kachidutswa ka paipi kobisalamo, ndi chivindikiro. Chivindikiro musachiiwale abale, swordtail imadumpha koopsa makamaka usiku woyamba, kampata kakang'ono kodutsa waya kamaikwanira. Kaukonde, paipi ndi ndowa zikhale zakezake, mukabwerekana ndi thanki yaikulu mwasamutsa matenda ndi manja anu. Ubwino wake, mankhwala amalowa ochepa, zomera ndi nkhono zanu sizifa, nsomba zakale sizimwa mankhwala zisakudwala. Ngati munaziika kale mu thanki yaikulu, zachitika basi, ich, velvet, ma fluke ndi Camallanus muchize thanki yonse, koma za mabakiteriya ndi chuku mupatule yodwalayo.

Ulendo wina pokagula, imani kaye kutsogolo kwa thanki ya m'sitolo muyang'ane nsomba zonse osati yomwe mwaikonda yokha. Mukaona imodzi yakufa, ya milomo yoyera kapena yamadontho, zisiyeni zonse za mmenemo olo zikongole bwanji, ndipo kumbukirani kuti m'masitolo ambiri mathanki amagawana madzi amodzi. Pofika nazo zimitsani getsi, yandamitsani thumba mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane, thiranimo madzi a mu thanki pang'onopang'ono kangapo, kenako muvuule nsomba ndi kaukonde, madzi a m'thumba mutaye, asalowe. Tsiku loyamba osadyetsa.

Pochiza musasakanize mankhwala awiri atatu nthawi imodzi pokhapokha botolo litanena kuti amayendera limodzi, nsomba yofooka imafa ndi mankhwala isanafe ndi matenda. Mwayesa ena masiku 5 palibe kusintha, sinthani theka la madzi, bwezerani carbon tsiku limodzi amwe otsalawo, muyang'anenso nsombayo mwatsopano musanayambe ena. Lembani pakapepala tsiku, zomwe mwayeza, zomwe mwathira, muzimata pathanki pomwepo, ine zimandithandiza chifukwa pofika tsiku lachinayi sindikumbukanso kuti mchere ndathira kangati.

Ikafika poti yagona chammbali, siikudya masiku ambiri, mamba ayima, musaisiye izunzike ndipo musaitaye mu toileti ili moyo kapena kuiika mu firiji. Mafuta a clove, pafupifupi 0.4 ml pa lita, muwakhutchumule kaye mu kabotolo ka madzi ofunda mpaka ayere ngati mkaka, muthire pang'onopang'ono mu kachidebe momwe muli nsombayo, imagona kenako imasiya kupuma, muisiye mmenemo theka la ola itasiya kupuma. Yakufa ikwirireni kapena muikulunge nkutaya ku zinyalala, osati kumtsinje.

Zomwe zachira kapena sizinadwale nkomwe zikhale mu thanki yapaderayo masabata 4 athunthu, ndipo ina ikadwala pakati, kuwerenga kuyambirenso tsiku lomwe mankhwala atha. Ngati munathira mchere uchotseni pang'onopang'ono posintha madzi sabata yomaliza, kuti madzi afanane ndi a mu thanki yaikulu. Musamutse madzulo mutadyetsa kaye nsomba zakale, getsi lozima, ndipo ngati kuli swordtail yaimuna yakale sunthani miyala ndi zomera pang'ono kuti isayambe kulondera malo ake mlendo akangolowa.